Ndinaperekeza apongozi, mwana n'kumusiya ndi ndowa ya nsomba

Abale anga, izi ndikukuuzanizi sindinachite kumva kuchigayo kapena pamjigo ayi, zinandichitikira ine mwini wakene konkuno ku Domasi, ndipo tsopano papita zaka zinayi.

Bambo a kunyumba kwathu amagwira ntchito yosamala maiwe a nsomba, ndipo nsombazo amazikonda moti tsiku lina anabwera ndi thanki yagalasi panjinga, ataikulunga m'bulangete ngati khanda, n'kuikamo tiana ta makumba tisanu ndi mchenga wakumtsinje. Tinaiika pabalaza, pakatebulo. Anthu ankachita kubwera kudzaona, ena n'kumatiseka kuti ndiwo tikungoziyang'ana m'malo mozikazinga. Koma amene anapenga nazo ndi mwana wanga wamkazi, yemwe nthawi imeneyo anali ndi chaka ndi miyezi itatu, atangoyamba kuyenda. Akadzuka, ulendo pagalasi, kumenya ndi tizikhatho, kunyambita, kuziitana nsombazo m'chilankhulo chake. Ine mantha anga onse anali pagalasilo, kuti lingasweke n'kumucheka. Za madzi, ndinene zoona, sindinaganizeko n'komwe. Madzi a m'nyumba angamutani munthu? Ife timaopa mtsinje ukadzaza dzinja basi.

Poti kwathu kulibe magetsi oyendetsera kamakina kopopera mpweya, madziwo timasintha pafupipafupi. Tsiku limenelo linali Loweruka m'mawa, bambo ali kuntchito. Ndinathira madzi a m'thanki mundowa mpaka theka, nsomba ndinazivuula ndi kasefa n'kuziika momwemo, ndowa n'kuisiya pansi kuseri kwa chitseko, galasi n'kutuluka nalo kukatsuka. Ndili mkati motsuka ndinangomva odi, apongozi anga aakazi atulukira ndi kathumba ka mpunga watsopano. Tinalonjerana, anamunyamula mdzukulu wawo, anamwa thobwa, kenaka anati athamangire minibasi ku Songani.

Tsono inu mukudziwa, mlendo sangochoka yekha ngati wathamangitsidwa, makamaka apongozi. Ukapanda kuperekeza, mawa mudzi wonse wamva kuti mkazi wa uje ndi wamwano. Mwana anali pamphasa pakhonde akudya nthochi, chitenje chomuberekera chinali chitanyowa ndi madzi otsukira aja, ndiye mumtima ndinati ndingowafikitsa pamtengo wa mango wa kumapeto kwa bwalo ndibwerere. Pamango paja nkhani inakoma, tinapitirira mpaka pamphambano, nanga kudula mawu a apongozi ndikanayambira pati?

Ndi iwo amene anaima mwadzidzidzi n'kundifunsa kuti kodi mwana uja bwanji sakulira lero, chikhalirecho ndikangotembenuka amalirira kunditsata. Ndinaliyatsa liwiro osatsanzika n'komwe, patapata wina anatsalira panjira. Pakhonde panali khoko la nthochi lokha. Kulowa m'nyumba, ndinaona timiyendo tiwiri m'mwamba, mutu uli mundowa, ndowayo osagwa, m'nyumba monse muli zii. Chimene chimandiopsa mpaka lero n'chimenecho, kuti mwana akamamira salira, sakuwa, palibe chimene ungamve.

Ndinamusolola thupi lonse lili lende, milomo itada. Kukuwa kwanga kunabweretsa mayi woyandikana nafe, Msilamu amene amagulitsa zitumbuwa, yemwe anaphunzirako zothandiza munthu pangozi. Ine ndinkafuna kumuzondotsa mwanayo n'kumukhutchumula, koma mayiwo anandilanda, anandikalipira kuti ndisiye zimenezo ndikaitane wa kabaza, iwo anamugoneka chagada pamphasa n'kumamuuzira mpweya m'kamwa uku akumudinikiza pachifuwa. Ine wa kabazayo ndinangomukuwira ndili pakhomo pomwepo. Apongozi anafika ali wefuwefu n'kugwada kupemphera, mayi ajanso akutchula Mulungu m'njira yawo. Kenaka mwana anatsokomola, anasanza madzi ndi nthochi ija, n'kulira. Kulira kokoma ngati kumeneko sindinakumvepo chibadwire.

Wa kabaza atabwera tinathamangira kuchipatala, komwe anatigoneka masiku awiri. Adokotala anati tinachita bwino kubwera ngakhale mwana ankaoneka kuti watsitsimuka, chifukwa madzi akalowa m'mapapo amatha kudzavuta pambuyo. Anatinso mwana wamng'ono mutu umamulemera, akasuzumira mundowa n'kugweramo sangathe kudzitulutsa, madziwo achepe bwanji.

Bambo atamva anatenga mpini kuti aliphwanye galasilo, koma ndinawagwira mkono, ndinati nsomba sizinalakwe kanthu, ndipo ndowa zam'nyumba muno aziphwanya zingati? M'malo mwake anaitana kalipentala, anakhomera shelefu yolimba kukhoma, yofika pachifuwa changa, thanki n'kuipangira chivindikiro chathabwa cha timabowo, chokhala ndi loko. Chakudya cha nsomba chimakhala pamwamba pa kabati. Madzi timasintha tili awiri, wina maso pansomba wina maso pamwana, ndipo ndowa ikangotha ntchito timaikhuthula n'kuivundikira.

Lero mwana uja ndi wonenepa bwino, wolongolola, ndipo ndi amene amadyetsa nsombazo ataima pampando ine nditamugwira m'chiuno. Mlongo wake wokwawa akangoyandikira madzi, woyamba kukuwa ndi iyeyo. Apongozi nawo masiku ano akamachoka amandikaniza kudzuka, amati njira akuidziwa.

Ena ankanena kuti alipo anachita nsanje ndi thanki yathu n'kutitumizira zoipa, koma ine zimenezo ayi, ndowa ija ndinaiika pansi ndi manja angawa. Chimene ndimakhulupirira n'chakuti Mulungu anandipatsa mwana ameneyu kawiri. Amayi anzanga, kaya muli ndi nsomba m'nyumba kaya ndi madzi ochapira chabe, mukamaperekeza mlendo mwana akhale kumbuyo, chitenje chikanyowa munyamuleni m'manja, zikakanika tsanzikanani pakhomo pomwepo. Mlendo akakwiya mudzamupepesa mawa, koma ndowa siimva kupepesa.