Chipsera cha Bambo Anga

Ndikamva anthu akukangana za wojambula zithunzi wa pa ukwati, wina akuti uyu ali ndi kamera yaikulu, wina akuti uyo amabwera ndi kandege kojambula m'mwamba, ine mtima umandiwawa. Wanga ndinamusankha ndekha, ndi mutu wanga womwewu, ndipo ndinkadziyesa wochenjera.

Bambo anga analibe chithunzi ngakhale chimodzi. Anabwera kuno pothawa nkhondo ya ku Mozambiki, anawoloka mtsinje wa Muloza ndi mayi anga ali ndi zovala za m'thupi zokha. Anafika ndi chipsera chachikulu chochokera pansi pa diso lamanzere kutsikira kuchibwano, ndipo mano awiri akutsogolo anawasiya komweko. Za tsiku limenelo sankakamba. Tili ana tinkayendetsa chala pachipserapo ngati kanjira, iwo n'kumanamizira kutiluma ndi mano omwe analibe. Akaona munthu wanyamula kamera ankazembera kuseri kwa nkhokwe.

Ukwati wanga utayandikira, chifuwa chinali chitayamba kuwagoneka pamphasa masanasana. Nthawi imeneyo mafoni ojambula anali asanafike m'manja mwa aliyense. Choncho ndinadziwa chimene ndinkafuna. Keke, velo, galimoto yokongoletsa, zonsezo zinali za anthu. Changa chinali chimodzi basi: chithunzi cha ine ndi bambo anga.

Amuna anga, amene ankaphunzitsa kusekondale ndipo kwawo ndi m'tauni, ankafuna tiitane wojambula wa ku Blantyre. Anandionetsa zithunzi za ukwati wa mlongo wawo, zowala bwino, sindinama. Ndinakanitsitsa. Ndinati munthu wa m'tauni akabwera ndi Chingerezi chake ndi tayi, bambo athawira kumunda ndipo tikawapeza ukwati utatha. Tinakangana mpaka ankhoswe anamva, koma ine ndikagwira chinthu sinditaya. Mapeto ake anangoti chabwino, sankhani nokha.

Ndinapita pa Limbuli. Kuseri kwa okonza njinga kunali kasitudiyo ka mnyamata wa m'mudzi mwathu, amene tinakulira limodzi. Mayi akenso anawoloka malire nthawi ya nkhondo, ndipo atamwalira, iyeyu ankadyera pakhomo pathu. Kalongonda wa mayi anga anamudya mpaka kunyambita mbale. Ndi bambo anga ankalankhulana Chilomwe chokhachokha, n'kumaseka zinthu zimene ife ana sitinkazitola bwino.

Pakhoma la situdiyo anali atamata ntchito zake. Akwati ena ataima kutsogolo kwa phiri la Mulanje, ena kutsogolo kwa nyumba zosanjikizana zimene kuno kulibe. Ndinaseka, ndinamufunsa kuti anthu a kwathu ku Milonde anakwera liti ndege. Iye anati makompyuta awa achemwali, chilichonse chimatheka. Ndikanakhala ndi maso ndikanaona kuti nkhope zonse pakhomapo zinali zosalala ngati dzira. Sindinaone. Ndinangomuuza kuti alendo angathe kuwaphonya, keke angathe kuiphonya, koma bambo anga ayi.

Anagwira pamtima. "Achemwali, madala aja ndi bambo anga inenso."

Tsiku la ukwati anachitadi zimene ndinamusankhira. Titatuluka m'tchalitchi, bambo anaima pambali panga atavala jekete la amalume, manja a jeketelo ataphimba zala. Anauma ngati mtengo, maso pansi. Mnyamata uja anaponya mawu a Chilomwe, sindikudziwa kuti anati chiyani, koma bambo anaphulika kuseka, kukamwa yasa, mpata wa mano uli poyera, chipsera chitakwinyika mpaka kudiso. Ndinamva kamera ikulira. Mumtima ndinati zatheka, kaya mvula igwe, kaya mpunga uperewere.

Zithunzi zinachedwa kutuluka. Ndikafunsa, ankati magetsi, ndikafunsanso, ankati pepala labwino likuchokera ku Limbe. Bambo sanadikire. Anamwalira chimanga chisanache, ndipo pamaliro ponse chimene chinkandigwira mtima chinali chakuti nkhope yawo ilipo, ili pa Limbuli.

Titasesa, ndinakwera kabaza kukatenga. Mnyamata uja anatulutsa felemu yaikulu yokulunga m'nyuzipepala, akumwetulira ngati watola chikwama. Ndinamasula.

Ine ndinalipo, velo langa, maluwa anga. Pambali panga panaima bambo wina wake. Tsaya losalala, mano oyera okwanira bwino ngati a wotsatsa mankhwala otsukira mkamwa, khungu loyererako, suti yakuda yomukwana, tayi yofiira. Makutu okha ndi amene ndinawazindikira.

Ndinakalipa, anthu okonza njinga mpaka anasiya masipanala kudzasuzumira. Ndinamutchula mayina amene sindingawalembe pano. Ndinamukumbutsa mbale zimene ananyambita kwathu. Iye anadabwa, chifukwa m'mutu mwake anali atagwira ntchito yapamwamba. Anati tsayalo lokha linamudyera tsiku lathunthu. Ndinati chabwino, zakozo khala nazo, ndipatse choyambirira chija, chosakonza. Anayamba kukanda m'mutu. Kakhadi ka m'kamera anali atafufuta kalekale kuti ajambulire maukwati ena, ndipo pakompyuta, akakonza chithunzi, chakale chimapita. Ndi mmene amagwirira ntchito. Zina zonse zimene munali bambo anazikonzanso chimodzimodzi.

Ndinamufunsa kuti anamutuma ndani. Apa anayang'ana pansi.

"Alamu anabwera ukwati utangotha. Anati felemu ikakhala pabalaza pofikira aphunzitsi anzawo, ndiye madala ndiwakonze aoneke bwino. Ndimayesa munagwirizana."

Ndinakhala pabenchi ya makasitomala. Munthu amene anagwada pamaso pa bambo anga, amene ankawatcha apongozi ndi manja awiri, amene ananyamula nawo bokosi lawo, nthawi yonseyi nkhope yawo inkamuchititsa manyazi. Ndipo anandiona ndikulira pamaliro, ndikunena kuti mwayi chithunzi chilipo, iye osatsegula pakamwa.

Kunyumba amuna anga sanakane. Anati ankafuna kuwapatsa ulemu, anati munthu aliyense amafuna kuoneka bwino pachithunzi, anati ndikukulitsa nkhani yaing'ono. Ndinawafunsa ngati chipsera chimenecho anachipeza ndi iwo kuti achichotse. Tikadali limodzi mpaka pano, ana tinabereka, koma kunena zoona, chinachake chinathyoka tsiku limenelo ndipo sichinalumikizikenso. Mnyamata wa situdiyo uja ndikakumana naye pamsika ndimamupatsa moni. Iye anali dzanja chabe.

Felemuyo sinakwere pakhoma la pabalaza. Ndinaitenga kupita nayo kumudzi, poganiza kuti mwina mayi, amene anakhala ndi bambo kuyambira kutsidya, aona chimene ine ndinalephera kuona, kaya m'maso, kaya kaimidwe. Ndinawapeza akusola nandolo pakhonde. Anapukuta manja pachitenje, analandira ndi manja awiri, n'kuyang'anitsitsa nthawi yaitali, akuisendeza pafupi, akuitalikitsa.

"Unakongola mwana wanga," anatero. Kenako anaika chala pa suti yakuda ija. "Nanga awa waima nawowa ndi akuchimuna?"

Ndinati eya, ndi akuchimuna. Anagwedeza mutu, anandibwezera felemu, n'kupitiriza kusola nandolo.