Kompyuta ya Thoko yayaka

Muli bwanji nonse? Kuno ku Chilenje lero kunali sewero.

Mwana wanga Thoko wamanga yekha kompyuta yojambulira mapulani a nyumba, ndi zipangizo zogula m'tauni. Atadina batani, zii! Malaiti analipo, mawaya onse ali m'malo mwake. Mwanayo maso anafiira, poti kasitomala akufuna pulani yake mawa.

Azakhali ake a ku Kabwata anasanjika dzanja pakompyutapo n'kuyamba kupemphera. Nthawi yomweyo Thoko anazula kachipangizo kam'kati kotchedwa memori n'kukabwezeramo mwamphamvu, khwa! Atadinanso batani, fani inazungulira, sikirini ngwee!

"Aleluya, yamva!" anakuwa azakhaliwo uku akuvina.

"Anti, memori sinalowe bwino chabe," Thoko anayankha akuseka.

Manje tapha nkhuku, koma mkangano sunathe. Abale, tiweruzeni: nthutumba tipatse ndani?