Khomo Lachisanu

Ndikukumbukira chaka chomwe choko chinafika pa khomo lathu ku Ndirande, ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Inali nyengo ya chiperoni, pamene phiri limasowa m'mawa wonse ndipo mawu a munthu ali pafupi amamveka ngati akuchokera kutsidya. Zipani zinali zitangochuluka kumene, moti chachilendo chilichonse chikalowa m'dera, anthu ankayamba afunsa kuti n'cha chipani chiti.

Tsiku limenelo kunabwera anthu atatu a kafukufuku wa zaumoyo, ofuna kudziwa mmene ana aang'ono ankakulira. Wowatsogolera anali mayi wamfupi wa magalasi, amene tonse tinangowatcha Asisita ngakhale sanavale yunifolomu. Ankayenda m'tinjira tathu topanikizana tija akuwerenga makomo ndi chala. Anayi ankawadumpha, lachisanu n'kulembapo mtanda ndi choko.

"Kodi ifeyo si anthu?" anakuwa amake Tadala, oyandikana nafe, ataona kuti khomo lawo ladumphidwa. "Kapena mwamva kuti tinavotera kolakwika?"

Asisita anaseka. "Mayi, Ndirande yonseyi tikati tiyeze mwana aliyense, tidzamaliza anawo atamera ndevu. Timatenga okwanira basi, osachepetsetsa, kuti angatinamize. Komanso sitisankha ndi maso ayi, timangowerenga."

Mtanda unagwera ife. Chisomo, mlongo wanga wotsiriza, anali m'tulo m'nyumba, choncho anangofunsa amayi n'kulemba pa fomu: Chisomo, mwamuna, chaka chimodzi ndi theka. Anati abweranso mawa ndi sikelo.

Sikeloyo ine ndinali nditaiona kale itapachikidwa pa mtengo wa mapeyala kumtunda kwathu. Inali ndi nkhope yozungulira ngati wotchi, kunsi kwake kakabudula ka buluu, mwana n'kumalendewera mmenemo miyendo ili m'malere. Ndinaikonda koopsa. Masana onse ndinalota ndili maso, ndikuona Chisomo akuuluka m'kakabudulako pamwamba pa malata adzimbiri, kudutsa utsi wa mafakitale a ku Makata, mpaka kukalowa m'nkhungu akuseka. Pajatu Chisomo anali atasiya kuseka. Tsitsi lake linali litafiira n'kupyapyala, timiyendo tikungowonda, mimba yokha ndiyo inkakula. Ndinkamubereka tsiku lililonse ndikaweruka kusukulu, amayi ali kumsika kogulitsa nyemba, ndipo msana wanga unkadziwa kuti mwanayu akupepuka.

Amayi ankadziwanso, koma ankaopa china. Kwathu mwana akamawonda chotero, pa mpopi pankamveka mawu amodzi okha: tsempho. Ndiye kuti mmodzi wa makolo wayenda njira zosayenera, matenda n'kugwera mwana. Abambo ankagwira ntchito ya ulonda ku Limbe, kunyumba kubwera mwa apo ndi apo, choncho malilime anali nawo kale poyambira. Amayi anali munthu wa tchalitchi, woyenda mutu uli chilili, ndipo manyazi ankawaopa kuposa njoka.

Kutacha anandiitanira kuchipinda. "Eliza, takatenge Tadala, uwauze amake kuti ndikungobwereka pang'ono. Ukabwera naye ubereke mlongo wakoyu, ukaime kuseri kwa bafa. Usatsokomole n'komwe."

Tadala anali wa msinkhu wa Chisomo, koma wa masaya ngati mandasi otupa bwino. Amayi anamuveka malaya a Chisomo, mabatani n'kukana kutsekeka. Ine ndinakaima kuseri kwa bafa lathu la masaka ndikusuzumira pa kabowo, kamvula kowaza kakundinyowetsa m'mutu, mpweya wa Chisomo ukundifunditsa pakhosi. Kunena zoona ndinakwiya. Bodza la amayi silinandikhudze konse. Chinandiwawa n'chakuti mwana wa eni ndiye akukwera katungwe wa mlongo wanga.

Asisita anapachika sikelo pa mtengo wa denga la khonde. "Timuvule zonse, mayi, zovala zingawonjezere kulemera."

Amayi anazengereza, koma akanakana bwanji? Thewera litachoka, Asisita anayang'ana mwanayo, anayang'ana fomu, kenaka anavula magalasi n'kuwapukuta ndi chitenje.

"Mayi, dzulo munandiuza kuti ndi wamwamuna. Ndiye wasintha liti?"

Amake Tadala, amene ankaonerera ali pa khomo pawo, anaphulika ndi chiseko mpaka kukhala pansi. Amayi anangoti zyoli, manja ali lende. Sindinawaonepo ali aang'ono chotero, ndipo mkwiyo wanga unasanduka chisoni.

Asisita sanakalipe. Analoza thumba la nyemba lomwe linatsamira khoma. "Mumagulitsa izi eti? Mukamakaoda, mumakhuthula thumba lonse kuti mudziwe ngati zili bwino?"

"Ayi, timangopisa dzanja."

"Kamodzi kokha?"

"Kangapo. Pamwamba, pakati, mpaka pansi. Enawa amaika zabwino pamwamba, zofumbwa n'kubisa pansi."

"Ndiye inu mwandiikira zabwino pamwamba. Ine ndikakanena kuti thumba la Ndirande lilibe vuto, thandizo adzabweretse ndani?"

Amake Tadala anasiya kuseka, nabwera kudzatenga mwana wawo mwakachetechete. Kenaka ndinamva mawu a amayi, osweka pang'ono: "Eliza, bwera naye."

Ndinamumasula ndekha n'kumulowetsa m'kakabudula kaja. Chisomo sanauluke. Anangolendewera phee, mutu utapendekeka, maso ali pa ine, ndipo muvi wa sikelo unangosuntha pang'ono n'kuima. Ndinadikira kuti upitirire, koma unakana. Pamenepo ndinalira mokweza osasamala za alendo.

"Anthu adzati ndi tsempho," ananong'ona amayi.

"Alekeni anene, pakamwa ndi pawo. Mwanayu chakudya chikumuperewera m'thupi. Mupite naye ku kiliniki lero lomwe, osati mawa." Anang'amba kapepala, kulembapo mawu angapo, n'kuwapatsa m'manja.

Tinapita masana omwewo, amayi patsogolo, ine pambuyo nditanyamula ambulera. Anthu pa mpopi ananenadi zawo, ananena mpaka kutopa. Zinatenga miyezi, phala ndi maulendo a ku kiliniki osawerengeka, koma Chisomo anachira. Lero ndi dalaivala wa minibasi, ndipo mimba imene ali nayo tsopano ndi yosekedwa nayo basi.

Koma makomo awiri kuchokera pathu kunali mwana wina, Limbani, wowonda ngati Chisomo, yemwe amake ankamubisanso m'nyumba pa chifukwa chomwecho. Khomo lawo linali lachitatu pa kuwerenga kuja, choko sichinafikepo. Tinamuika m'manda mvula yoyamba isanagwe.

Kwa zaka zambiri ndinkakwiyira chala chowerenga makomo chija, ndikuti n'chankhanza, chimapulumutsa uyu n'kudumpha uyo. Ndakula tsopano, ndipo ndikuona kuti sikelo ija sinabwere kudzapulumutsa Chisomo. Kwa iye unangokhala mwayi chabe. Inabwera kudzamva za ana onse a m'dera, ndipo mlongo wanga anakwera mmenemo m'malo mwa ana a m'makomo anayi odumphidwa. Kanambala kochititsa manyazi kamene Asisita analemba tsiku lija ndiwo mawu okhawo amene Limbani anali nawo kwa anthu akutali, ndipo ife tinatsala pang'ono kuwafufuta ndi masaya a mwana wobwereka.