Tsiku Limene Ndinagawa Zovala Zanga Ndili Moyo

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene fodya wanga anabwezedwa kumsika kachitatu. Mabelo anga awiri anayenda ulendo wa ku Lilongwe kambirimbiri moti anayamba kudziwa njira kuposa dalaivala. Ndinauza mkazi wanga Nabanda kuti ngati fodya akuyenda chonchi, nanenso ndiyendeko. Ndinati miyezi isanu ndi umodzi basi. Ndinakhalako zaka zisanu ndi ziwiri.

Ndinanyamuka pa Nsaru ndi kachikwama kamodzi. Zovala zina zonse ndinazisiya m'sutikesi pansi pa bedi: suti ya ukwati, mathalauza atatu, malaya a kwaya, ndi jekete yofiirira imene ndinkavala paliponse, kuyambira kuchinkhoswe mpaka kudibi. Nthawi imeneyo ndinali woonda kwambiri. Mvula ikamagwa ndinkadutsa pakati pa madontho osanyowa. Wokayika akafunse pa Nsaru, mboni zilipo.

Potsanzikana, Nabanda anati, "Zovala zanuzi ndisunga. Tsiku limene zidzatuluke m'nyumba muno, nanenso ndidzatuluka, ndizikakhala kwathu ku Nambuma." Ndinayesa ndi mawu a pasiteji chabe, ndipo ndisanafike m'tauni ndinali nditawaiwala.

Ku Joni ndinapeza ntchito yosamalira maluwa pakhomo pa adona ena. Ndinkagona m'kachipinda kakuseri, kochepa moti pofuna kutembenuka ndinkayamba ndatuluka panja. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, nthawi zina zokwanira feteleza, nthawi zina zongosonyeza kuti ndikupuma. Kusungulumwa ndiye kunalipo kokwanira anthu awiri. Lamlungu ndinkacheza Chichewa ndi galu wa adona, mpaka anafika poti ndikamupatsa moni ankagwada. Sindikuwonjezera.

Adonawo anali ndi mwambo wawo. Nyengo ikasintha ankakhuthula wadirobu yonse pabedi n'kupanga milu itatu: zosunga, zopatsa anthu, zotaya. Ankati chovala chimene sunachivale chaka chathunthu si chakonso. Mulu wachiwiri unkathera kwa ine. Vuto linali lakuti amuna awo anali chimunthu, moti m'thalauza lawo ine ndinkalowa thupi lonse mwendo umodzi, winawo n'kutsala wa mlendo. Kwa telala kunali kodula, choncho ndinaganiza zongonenepa. Zinanditengera zaka zinayi, koma ndinakwanamo.

Pafoni Nabanda sankachulutsa mawu. Akatha kunena za mvula, mbuzi ndi sukulu ya ana, ankamaliza ndi kuti, "Loweruka ndinayanika zovala zanu." Mwezi uliwonse. Ine ndinkangoti mkaziyu nkhani zamuthera. Tsiku lina mng'ono wanga Yohane anandiimbira kupempha jekete ija, ndipo ndinati akatenge. Akuti anathamangitsidwa ndi mthiko mpaka kumsewu wa ku Kabudula. Ndinaseka, osafunsa chifukwa.

Ndinabwerera ndi zikwama zikuluzikulu zinayi ndi wadirobu yagalasi yogula ku Lilongwe. Pa Nsaru palibe anandizindikira. Wakabaza anandizungulira, n'kunena kuti, "Bwana, inuyo ndi maulendo awiri."

Tsiku lachitatu, Nabanda atapita kuchigayo, ndinaona kuti wadirobu yadzaza ndi zatsopano, zakale zikadali m'sutikesi. Ndinakumbukira nzeru za adona. Ndinayala mphasa pansi pa mtengo wa mango, n'kukhuthulapo sutikesi. Mulu wa zosunga unali tayi wa suti ija basi, popeza ndi yekhayo amene anandikwana. Kenako ndinatumiza uthenga kuti abale onse abwere, ndikugawa zovala zanga.

Anabwera, koma mwakachetechete. Amuna anakhala uku, amayi uko. Palibe anakhudza kanthu. Atsibweni anga anavula chipewa n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Mphwanga, kodi adokotala anakuuzani chiyani ku Joniko?"

"Palibe, atsibweni. Ndili bwinobwino."

"Nanga kutupaku?"

"N'kunenepa."

"Kunenepa eti," anatero, n'kupukusa mutu. Kumbuyo mayi wina anali atayamba kale nyimbo ya maliro chapansipansi.

Apo m'pamene ndinakumbukira. Kwathu zovala za munthu zimayalidwa pamphasa n'kugawidwa kwa abale kamodzi kokha, mwini wake ataikidwa m'manda, kapena akatchona, abale atataya mtima kuti sadzabweranso. Zaka zisanu ndi ziwiri zothirira maluwa zinandiiwalitsa.

Ndisanayambe kusonkhanitsa, Nabanda anatulukira ndi thumba la ufa pamutu. Anayang'ana mphasa, anthu, kenako ine. Anatula ufa pang'onopang'ono, ndipo ndinayamba kulakalaka nyimbo ija itakhala yoona.

"Bambo a Tadala," anatero osakweza mawu, "anthu awa akhala akundiuza kuti munatchona, munakwatira kwina, ndigawe zovala ndione zina. Ine Loweruka loyamba la mwezi uliwonse ndinkazipachika pachingwe apo, kuti wodutsa aliyense aone kuti nyumba ino ili ndi mwini. Inu mwangokhala masiku atatu, mwadzigawa nokha."

Mawu aja a ku Nambuma anandibwerera onse, ndipo ndinaona kuti ndikalakwitsa yankho, wadirobu ipeza malo ambiri.

"Nabanda, sindikugawa ayi," ndinatero. "Ndaitana abale kuti aone ndikuvala zimene mwasunga."

"Valani," anatero, n'kukhala pansi.

Ndinatola suti ya ukwati n'kulowa m'nyumba. Nkhondo yake sindifotokoza, koma mabatani awiri sanapezekebe mpaka lero. Ndinatuluka manja ali m'malere ngati nkhuku yoyanika mapiko, ndikupuma mwa apo ndi apo. Ndinayenda mpaka kwa atsibweni n'kuwerama kuti ndiwapatse ulemu. Thalauza linang'ambika kuyambira palamba mpaka m'bondo. Phokoso lake anthu a ku Kasiya anayesa kwagunda bingu, ena anathamangira kukaanula chimanga.

Atsibweni anavalanso chipewa. "Wodwala sang'amba thalauza chonchi," anatero.

Woyamba kuseka anali mayi wa nyimbo uja. Nabanda anali womaliza, atatseka pakamwa ndi chitenje, misozi ikutsika.

"Chabwino," anatero atapezako mpweya. "Aona okha kuti mwini wake wabwera ndipo sakukwanamo. Zipite. Koma ndigawa ndine, chimodzichimodzi, pamanja, osati pamphasa. Jekete ikhala."

Anagawa kwa milungu itatu. Yohane analandira suti, telala ataichita opaleshoni. Masiku ano ndikapita pamsika pa Nsaru ndimakumana ndi ine mwini kawiri: wina akugulitsa tomato m'malaya anga a kwaya, wina akupalasa njinga m'thalauza langa. Onse ndi oonda, ndipo ndimawapatsa moni mwaulemu.

Kwa adona chovala chinali nsalu chabe. Kwathu chinkandisungira malo pakhomo, ine ndili kutali n'kumacheza ndi galu. Jekete ija ili m'wadirobu, pakati penipeni pa zatsopano, ndipo imandifika m'chigongono. Loweruka loyamba la mwezi wotsatira ndinafunsa Nabanda ngati aiyanike monga kale.

"Mwini wake alipo," anatero. "Ayanike yekha."

Ndimayanika, mwezi uliwonse.