Ndinasanja mabuku potengera kutalika

Amuna anga atamwalira, ndinapeza ntchito yosesa mulaibulale ya koleji ina kuno ku Chipata. Tsiku lina ndikupukuta fumbi, ndinaona mabuku ali osalongosoka, ndiye ndinawasanja, aatali paokha, aafupi paokha. Sindinkadziwa kuti timanambala tomatidwa pamabukuwo ndi timene timasonyeza malo ake.

M'mawa mwake ophunzira analephera kupeza mabuku, mayeso ali pafupi. Abwana anakalipira a Tembo, amene amabwezera mabuku m'mashelefu, kenako anatembenukira kwa ine.

"Amai Zulu, munaona munthu kuno dzulo?"

Ndinaganiza za ana anga ku Kapata, ntchito ikandithera.

"Iyayi, bwana, ine ndimangosesa."

A Tembo anagwada tsiku lonse akukonza mashelefu aja. Ine ndinkasesa mowazungulira, n'kumati, "Pepani a Tembo, anthu ena alibe chisoni."