Buku Lopanda Misozi

Inu amene mwagwa mphwayi, imvani za mayi wina amene anthu ankamutcha Namakatoni.

Anafika kumsasa wa othawa nkhondo atabereka mwana wake wamkazi, mwana wamkulu ndithu woti n'kuyenda yekha. Kwawo mayiyu ankalemba zikwangwani za masitolo. Kumsasa analibe burashi kapena penti, ndipo chopweteka kwambiri n'chakuti mwanayo anali atasiya kuyankhula kuyambira tsiku lomwe anathawa. Ukamufunsa dzina ankangokuyang'ana.

Azimayi anzake ankati, "Musiyeni, adzayankhula yekha." Iye anakana. Anayamba kutola makatoni otayidwa kuseri kwa nyumba yogawira katundu n'kumajambulapo ndi makala. Dzina lija linachokera pamenepo, ndipo linali lomuseka.

Ankajambula atsikana awiri osamvana chiyankhulo amene anakumana pamzere wa madzi. Wina waterereka ndi chigubu chake, mnzake waseka mpaka nayenso wagwera m'matope momwemo. Mwana uja ankaloza chithunzicho, milomo ikugwedera, koma mawu osatuluka.

Mphunzitsi wa pamsasapo ataona zithunzizo anatengera mayiyu kwa bwana wina wosindikiza mabuku m'tauni. Bwanayo anaziyang'ana mofatsa, kenako anapukusa mutu.

"Mayi, luso muli nalo. Koma ana awa akuseka kwambiri, sakuoneka ngati othawa nkhondo. Aikeni misozi, tisindikiza."

Abale inu, misozi! Namakatoni anapsa mtima. Bukulo ankalifuna, tisaname. Koma anaganiza za mwana wake akutsegula buku lenileni n'kupezamo ana akulira.

"Bwana," anatero, "misozi tili nayo yambiri kunyumba, sitikusowa ya m'buku. Kulira mwana wanga amadziwa kale. Ine ndikumuphunzitsa kuseka."

Anasonkhanitsa makatoni ake n'kutuluka. M'basi mphunzitsi anadandaula njira yonse kuti ataya mwayi. Mayiyu anangokumbatira makatoni ake pachifuwa.

Atafika anabwereka singano yosokera matumba, n'kuyamba kusoka yekha mabukuwo. Zala zinatupa. Mvula inadontha m'tenti n'kufufuta oyambawo, iye anajambulanso. Posakhalitsa mabuku a makatoni anayamba kuyenda tenti ndi tenti, ana akulimbirana, ndipo aja ankamuseka anayamba kumubweretsera makatoni okha. Koma mwana wake anali chete, ndipo zimenezi zinkamudya mumtima.

M'mawa wina pamzere wa madzi panakhala kamtsikana kongofika kumene, kataweramira pansi, osayankha aliyense. Mwana wa Namakatoni anakayang'ana kwa nthawi. Kenako anasolola buku m'chikwama cha mayi ake, anakakhala pambali pake n'kutsegula tsamba la matope lija. Analoza mtsikana woyamba, kenako wachiwiri.

"Uyu ndine," anatero ndi mawu osasa. "Uyu ndiwe."

Chigubu chinapulumuka m'manja mwa mayiyo, madzi onse n'kutayika. Analira mokweza pamaso pa anthu, osachita manyazi, uku ana awiriwo akuseka chithunzi.

Patapita nthawi mphunzitsi uja anapeza wosindikiza wina, ndipo bukulo linatuluka momwe linalili, popanda msozi ndi umodzi womwe. Masiku ano amene amawerengera ana ongofika kumene ndi mwana wa Namakatoni uja, ndipo mayi ake amachita kumupempha kuti akhaleko chete.

Inunso, wina akadzakuuzani kuti muoneke omvetsa chisoni kuti akuthandizeni, nyamulani makatoni anu. Musafooke, sokani nokha.