Kompyuta ya Katoni ya ku Kawale

A Greenwell Mwalwanda anali munthu wosachedwa kupsa mtima, koma pa mzere wathu wa nyumba za lendi ku Kawale tinkawakonda choncho. Ankasamalira makompyuta pa kampani ina ku Kanengo, aja a galasi lakuda ongodikira kuti munthu alembe lamulo. Madisiki ankayenda nawo m'thumba la malaya ngakhale popita ku kwaya.

Akazi awo, mayi Tusekele, ankatayipa pa ofesi ina m'tauni. Mu 1996 bwana wawo analengeza kuti mataipulaita onse akupita ku stolo, ndipo aliyense wolephera mayeso a kompyuta atsanzike. Mayiwo anabwera nkhope itagwa. Ntchito imeneyo anaipeza asanakwatiwe, ndipo ankainyadira kwabasi.

M'nyumba mwawo munalibe kompyuta, magetsi omwe munalibe. A Greenwell anang'amba katoni ya sopo n'kujambulapo mabatani onse ndi bolopeni. Anaiika patebulo pakhonde, iwo n'kukhala tsidya linalo atapinda manja.

"Kompyuta ndine, mayi a Vera. Lowani pa netiweki."

Mayiwo ankagogoda katoni uku akutchula mokweza zimene akulemba. Akalemba LOGIN ndi dzina lawo, kompyuta inkagwedeza mutu. Akalemba DIR, inkalakatula mayina a mafayilo pamtima ngati mwana wa Sande sukulu. Akaiwala kusiya mpata pakati pa mawu, inkatsonya.

"Sindikumva! Lamulo limenelo kulibe."

"Bambo a Vera, kompyuta yeniyeni imatsonya?"

"Imeneyi imatsonya. Yambiraninso."

Ife a pa mzere tinkafa nalo phwete. Loweruka lina mayiwo analemba DEL m'malo mwa COPY. Kompyuta inadzambatuka n'kuyamba kukalipa kuti afufuta ntchito yonse ya kampani. Mayi Tusekele anaiuza modekha kuti ikapitiriza mwano igona ndi njala, ndipo inakhala pansi bwinobwino. Kunena zoona, ine ndinkasirira. Amuna anga sanandiphunzitsepo ngakhale kupalasa njinga.

Katoni ija inafika pobooka pa batani la ENTER. Mayiwo zala anali nazo kale, zaka zonsezo pa taipulaita sizinali zamasewera. Chimene ankaopa chinali galasi lakuda lija, poti anali asanalionepo ndi maso.

Tsiku la mayeso a Greenwell sanapite ku ntchito, ati mutu. Mutu wake uti? Tsiku lonse anangokhalira kuyendera pa siteji ya minibasi n'kubwerera, ngati nkhuku yofuna poikira. Dzuwa litapendeka mayi Tusekele anatsika, akuyenda mosafulumira, nkhope yosawerengeka. Anandipatsa moni, analowa m'nyumba, anavula nsapato. Amuna awo anaima pakhomo, ukali wonse uja utawathera.

"Nanga bwanji, mayi a Vera? Yankhulanitu."

Mayiwo anayamba amwa kaye madzi, kapu yonse.

"Ikani makala mu simbi, bambo. Bulauzi yoyera ija ndiivala mawa, ndipo ndilawirira ku ntchito."

A Greenwell, munthu amene sindinamuonepo atagwira simbi, anathamangira pa mbaula yanga kudzapala moto. Maso anali atafiira. Ndisanawafunse n'komwe, anandiuza kuti ndi utsi.